Galimoto Yanga Inkakalipira Apongozi

Pali msewu wina wafumbi ku Kawale womwe ndinasiya kuudutsa, ndipo ndikakakamizika kudutsako ndimakokera chipewa kumaso. Mkazi wanga akuti anthu anaiwala kale. Ine sindikhulupirira, chifukwa zimene zinachitika kumeneko si zoiwalika msanga. Ndiye ndati ndiulule ndekha nkhani yonse, anthu ena asanaikokomeze.

Ndili ndi galimoto. Ndayamba n'kunena choncho chifukwa pali ena amene amaitchula mayina ena. Ndi yakale ndithu, yobiriwira, ya mtundu uja wa kabuleta (kachipangizo kolowetsa mafuta ndi mpweya mu injini), ndipo ndinaigula kwa bambo wina wopuma pantchito ku Area 47. Tsiku lomwe ndinafika nayo kwathu ku Area 23 ndinaitsuka kawiri. Ntchito yanga ndi yauphunzitsi, koma chigulireni galimotoyi ndinayamba kudziona ngati makaniko. Tsiku lina chopondera moto chinayamba kulira kwiikwii ndikachiponda. Ndinatsegula boneti, ndikutsatira kebulo yochokera kuchoponderacho mpaka pamene imakoka kabuleta, n'kuthirapo mafuta omwe ndinapeza m'nyumba momwemo (musandifunse kuti otani, tifikako). Phokoso linatha pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo panalibe wachibale amene sanamve kuti ine za galaja sindizidziwa, galimoto yanga ndimakonza ndekha.

Patapita miyezi ingapo, mu Okutobala, kunja kukutentha, fumbi lili koboo, vuto lenileni linayamba. Galimoto yabwinobwino ukachotsa phazi pamoto, injini imatsika nthawi yomweyo n'kumalira chapansipansi. Yangayi inayamba kuchedwa. Ndikaima n'kuchotsa phazi, iyo inkapitirizabe kukuwa, vuuuu, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono mwa kufuna kwake. Ukanatha kupereka moni kwa anthu atatu isanakhale chete. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, poti nkhalamba ikayamba kulankhula simaliza msanga.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Agnesi. Kwawo ndi ku Ntcheu, koma akhala ku Chilinde zaka zambiri, ndipo ndi telala wodziwika, amasokera pakhonde pawo. Pa mwambo ndi achikale zedi. Chikwatireni mwana wawo anali asanandilankhulepo mwachindunji ngakhale kamodzi. Chilichonse chinkadzera mwa Agnesi, ine ndili pomwepo. Ankati, "Agnesi, uwafunse bambo a Tadala ngati adya." Ine ndinkayankha kuti, "Uwauze amayi kuti ndadya." Sanali kudana nane, unali ulemu wawo. Komabe pansi pa mtima ndinkafunitsitsa kuti azinditenga ngati mkamwini wabwino.

Lamlungu lina masana tinapita kukawatenga kuti tikaone wachibale wodwala. Ndinaima pageti n'kuchotsa phazi, galimoto vuuuu. Apongozi anali akutuluka m'nyumba mwakachetechete, akumangirira bwino chitenje. Ndinachita mantha, ndipo pofuna kuti injini itsike msanga ndinayamba kugwedeza chopondera ndi phazi. Zinaipiraipira. Vuu! Vuu! Vuuuu! Aliyense wokhala mu Lilongwe amakudziwa kulira kumeneku, ndi kumene amachita madalaivala a minibasi pasiteji pofuna kuti okwera athamange.

Apongozi anaima pakati pa bwalo. Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, kenaka anatembenuka n'kubwerera m'nyumba. Agnesi anawatsatira, ndipo atatuluka nkhope yake sinali bwino.

"Akuti ngati mukufulumira, tsogolani. Iwo akwera kabaza."

"Kawauze kuti si ine, ndi galimoto."

Analowa n'kutulukanso. "Akuti galimoto ilibe phazi."

Tsiku limenelo anakweradi kabaza, ine ndikuwatsatira m'mbuyo ndi galimoto yopanda munthu kumpando wakumbuyo. Zinandiwawa kwambiri.

Chomwe chinakulitsa nkhani n'chakuti panali patangotsala masabata awiri kuti kuchitike chinkhoswe cha mlamu wanga Mphatso, mng'ono wake wa Agnesi, ku Area 25. Ine ndinali nditapatsidwa kale udindo wonyamula apongozi, zovala zomwe anasokera achibale, ndi kamakina kawo kopukusa ndi dzanja kokonzera zovala zikapezeka kuti zathina. Kunyamula mayi wa mkwatibwi si udindo wamasewera, anthu amaona kuti watsika m'galimoto ya ndani. Ndiye ndinamva kuti a Phiri, mkamwini mnzanga amene anakwatira mkulu wake wa Agnesi, adzipereka kuti awanyamule ndi galimoto yawo yatsopano (ija yopanda magiya, yoti ikamabwera umangoiona yafika kale). Agnesi anakandipepesera kwa masiku atatu, ndipo anabwera ndi chigamulo.

"Akuti akwera yanu. Koma ikadzangowakuwira kamodzi, atsika pomwepo, ndipo sadzakweranso moyo wawo wonse."

Munthu wanzeru akanapita nayo kugalaja tsiku lomwelo. Koma ine ndikanayamba bwanji, nditalengeza kale kwa mtundu wonse kuti ndine makaniko? Ndinatenga sikuludiraiva n'kutsegula boneti. Pambali pa kabuleta pali kabawuti komwe ukakapotoza kulira kwa injini kumakwera kapena kutsika. Ndinakapotoza mpaka injini inayamba kulira ngati ikunong'ona, ndipo ndinadziwombera m'manja. Mawa lake ndinaona zotsatira. Galimoto inkakuwabe monga kale, kungoti tsopano ikamaliza kukuwa inkazimiratu. Inandizimira pamphambano pafupi ndi msika wa Chilinde, minibasi zili mndandanda kumbuyo kwanga, ndipo mayina omwe anandipatsa madalaivala tsiku limenelo sindingawalembe pano. Kabawuti kaja ndinakabwezera pomwe kanali.

Kenaka ndinaganiza zokaba nzeru. Ku Biwi kuli makaniko wina wochokera ku Mangochi, Che Amadu, munthu wofatsa amene anandithandiza kuiyang'ana galimotoyi pomwe ndinkaigula. Ndinaisiya kunyumba n'kupitako pa minibasi, kuti asaione.

"Che Amadu, ndili ndi mnzanga wina kusukulu, galimoto yake ikuchedwa kutsika akachotsa phazi pamoto."

Anapukuta manja pa ovolosi n'kundiyang'ana. "Ya kabuleta?"

"Eya."

"Yobiriwira? Chitseko chakumbuyo chotsegukira kunja kokha?"

"Imafananako ndi yanga."

"Ooh, chabwino achimwene. Muwauze anzanuwo abwere nayo ndiione. Galimoto sitiikonza ili kunyumba."

Ndinati mnzangayo ndi wotanganidwa kwambiri. Che Amadu anamwetulira n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Anati mwina injini ikuba mpweya pa kapaipi kong'ambika, mwina sipiling'i yobweza chopondera yatopa, mwinanso kebulo ikumata. Kenaka anafunsa funso lomwe likanapulumutsa mbiri yanga.

"Anzanuwo sanathireko kanthu kukebuloko?"

"Ayi, sanathireko kanthu."

Ndinayankha msangamsanga, ndipo mumtima ndinaona kuti sindikunama kwenikweni. Mafuta amatereretsa zinthu, ndiye angamatitse bwanji kebulo? Kebulo ndinaichotsa pa mndandanda wa okayikiridwa ndisanafike n'komwe pasiteji.

Masiku otsatira ndinawathera pa timapaipi. Kalikonse kooneka kokalamba ndinakakulunga ndi tepi wakuda, mpaka mkati mwa boneti munkaoneka ngati mwavulala anthu. Palibe chinasintha. Ndiye panatsala sipiling'i. Ndinaiyang'anitsitsa, kachitsulo kopotanapotana kotalika ngati chala, ndipo ndinagamula kuti yatopadi. Ndinaikolopola n'kuiponya m'kabokosi ka phulusa la fodya. M'malo mwake ndinamangapo malegeni, mphira zija timadula ku tchubu cha njinga n'kumamangira katundu pa kaliyala. Ndinawapinda kanayi n'kuwakoka mwamphamvu zanga zonse.

Abale, zinatheka! Chopondera chinalimba moti mwendo unkachita kuwawa, koma ndikachotsa phazi injini inkatsika nthawi yomweyo. Ndinazungulira Area 23 yonse ndikuimaima popanda chifukwa, kungofuna kumva bata limenelo. Ndinaitana Agnesi kuti adzamve yekha.

"Mwapita nayo kwa Che Amadu?" anafunsa.

"Che Amadu atani? Manja awa."

Loweruka la chinkhoswe ndinavala suti yanga yokhayo n'kukafika ku Chilinde m'mawa ndithu. Ndinaima pageti, galimoto phee. Apongozi anatuluka atavala chilundu chatsopano ndi duku lake lofanana, anaima pang'ono kumvetsera, kenaka anakwera kumbuyo (chitseko ndinawatsegulira ine, ndipo anthu anaona ngati ndi ulemu, osadziwa kuti ndinangozolowera chifukwa m'kati sichitseguka). Zovala ndi kamakina tinaika kubuti. Agnesi anakhala kutsogolo, ndipo tinanyamuka mtima wanga uli mbee.

Pofika ku Kawale tinapeza kumsewu waukulu kwadzaza magalimoto, ndiye ndinakhotera m'kamsewu kafumbi kam'kati kuti ndidule. Pomwepo panali kachitunda, ndinaponda moto kuti tikwere. Ndili pakati pa chitundacho ndinamva kakuti thapu! kuchokera kutsogolo, ndipo chopondera chinafewa mwadzidzidzi pansi pa phazi langa. Ndinali ndisanaganizepo kuti mphira ndi injini yotentha sizigwirizana, makamaka mu Okutobala. Tisanathe n'komwe kudabwa, titangomaliza chitunda, ndinaona masamba obiriwira atayalidwa modutsa msewu.

Nonse mukudziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Pali maliro. Wapanjinga amatsika n'kumaikankha, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kudutsa pang'onopang'ono ngati akuyenda pansi. Kutsogolo kwathu kunali khamu la anthu, azibambo atakhala pa mabenchi m'mbali mwa msewu, azimayi ali pamphasa pafupi ndi nyumba ya siwa akuimba nyimbo motsitsa mawu.

Ndinachotsa phazi pamoto. Chopondera chinatsala pansi pomwepo.

Ndinaponda kilatchi ndi mabuleki pamodzi, ndipo galimoto inaima pakati penipeni pa anthu aja. Koma injini, itamasuka ku matayala, inakuwa kukuwa komwe sindinamvepo chiigulireni. Nyimbo inaduka. Nkhuku zinabalalika. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana bambo wovala suti amene wabwera kudzaonetsa mphamvu za galimoto yake pamaliro. Ndinalimbana ndi kiyi, ndipo nditazimitsa, galimotoyo inatsanzika ndi kuphulika kumodzi kumbuyo, phuu! Mayi wina anagwetsa ndowa ya madzi.

Ndikanakonda pansi pakanang'ambika ndilowe.

Bambo wina wachikulire anadzuka pabenchi n'kubwera pawindo, anthu angapo ali pambuyo pake. Ndinatsika msanga n'kugwira manja kumbuyo.

"Bambo, masambawo simunawaone?"

"Ndinawaona, bambo. Pepani kwambiri. Si ine, ndi galimoto."

"Nanga galimotoyo imadziponda yokha?"

Kumpando wakumbuyo ndinamva apongozi akutsokomola pang'ono. Ndinatsegula chitseko n'kuwaonetsa bambo aja chopondera chili gone pansi popanda phazi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anthu ena akung'ung'udza kuti awa ndi amwano a m'tauni, aphunzitsidwe khalidwe.

Apa m'pamene apongozi anagogoda pawindo. Agnesi anawatsegulira, ndipo anatsika, monga momwe analonjezera. Ndinadziwa kuti basi, zanga zada. Koma sanalowere kosaka kabaza. Anakonza duku lawo, anayenda mpaka pamphasa za azimayi, anagwada, n'kuyamba kupereka moni ndi kupepesa mmodzimmodzi, kenaka anakhala nawo pansi ndi chilundu chawo chatsopanocho. Anthu ataona choncho, kung'ung'udza kunachepa. Bambo aja anapumira m'mwamba.

"Muthokoze mayiwo. Koma pano simuilizanso. Muikankhe mpaka mudutse masamba a kutsogolowo."

Ndinakankha, Agnesi atagwira chiwongolero. Masamba achiwiri anali patali kuposa momwe ndinkaganizira, ndipo palibe anabwera kudzandithandiza (sindikuwadandaula, nanenso sindikanathandiza). Pofika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa masambawo, suti inali itanyowa ndi thukuta, fumbi litamatirira mpaka m'mawondo. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kusaka nambala ya a Phiri, mtima ukuwawa.

Ndisanaimbe, apongozi anatulukira akuyenda mosafulumira.

"Agnesi, uwauze bambo a Tadala atsegule kutsogoloko."

Ndinatsegula. Anasuzumira m'kati, manja ali kumbuyo. Anaona tepi wakuda uja. Anatola chidutswa cha legeni ndi zala ziwiri, n'kuchiyang'ana, n'kuchitaya pansi. Kenaka anauza Agnesi kuti andifunse chomwe chimayenda munthu akaponda, ndipo ndinawalozera kebulo ndi pamene imakoka. Anapitisapo chala. Chinatuluka ndi zinthu zakuda, zolimba, zomata ngati chiponde. Anazifikisa pakati pa zala, kenaka anazinunkhiza.

"Agnesi, kodi nsomba umakazingira m'galimoto?"

Agnesi anandiyang'ana, ndipo ndinaona akukumbukira. "Bambo a Tadala! Mafuta anga aja otsala pokazinga nsomba, ndinasunga m'kabotolo pawindo, ine n'kumanamizira mphaka!"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali nditatenga otsalawo dala, poganiza kuti atsopano akachepa m'botolo Agnesi adzazindikira.

Apongozi anapukusa mutu. Anafotokozera mwana wawo kuti zimenezi akhala akuziona zaka zonse kwa azimayi obwereka makina. Munthu akamva makina akulira amathamangira kukhitchini, tsiku loyamba zimayenda bwino, koma mafuta ophikira akakhalitsa amauma n'kumata, ndipo akakumana ndi fumbi chilichonse chimayamba kuyenda mokakamira. Anati chitsulo chobwezacho chinalibe mlandu, chinkangolimbana ndi phala.

Anatumiza Agnesi kubuti kukatenga kabokosi ka makina awo. M'menemo munali kabotolo ka palafini, kabotolo ka mafuta a makina osokera, mswachi wakale ndi tinsanza. Anapinda manja a bulauzi, mayi wa mkwatibwi, pa tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo, n'kuyamba kutsuka kabuleta yanga. Anakwecha ndi mswachi, anadonthezera palafini m'kebulo, zakuda zikutsika. Ine ananditumiza (kudzera mwa Agnesi) kuti ndikagwade pachitseko ndizikankha ndi kukoka chopondera ndi dzanja.

"Agnesi, uwauze akankhe. Uwauze akoke. Uwauze akankhenso."

Ntchito itafika pokoma, Agnesi anayamba kuchedwa kubwereza mawu, ndipo ndinangomva kuti, "Kankhani. Kokani. Ayi bambo, pang'onopang'ono. Eya, choncho. Kachitsulo kobweza kaja munakataya?"

Mawu amenewo ankapita kwa ine, opanda wodutsiramo. Ndinatulutsa sipiling'i m'kabokosi ka phulusa n'kuipereka ndi manja awiri, ndipo ndinaikoleka pomwe inali iwo akundiyang'anira. Anadonthezera timadontho ta mafuta a makina, tatatu kapena tanayi basi, n'kupukuta manja.

"Lizani."

Ndinayang'ana kumaliro kuja. Anthu ena anali ataimirira kutiyang'ana. Ndinapemphera mwachidule n'kupotoza kiyi. Injini inadzuka n'kumalira chapansipansi. Ndinaponda pang'ono, n'kuchotsa phazi. Inatsika nthawi yomweyo, mwaulemu, ngati sinakuwepo chibadwire.

Apongozi anabwezera mabotolo awo m'kabokosi. Anaima pafupi ndi chitseko chakumbuyo kudikira kuti ndiwatsegulire, ndipo ndikutsegula anandiyang'ana kumaso.

"Bambo, tsiku lija pageti ndinkayesa ndinu amwano, ndipo zinandipweteka mtima. Kani ndinu opepera chabe. Tiyeni, tachedwa."

Ndakhala ndikuyamikiridwa ndi akuluakulu a sukulu, makolo a ana ngakhalenso abusa, koma palibe mawu omwe anandisangalatsapo ngati amenewo. Tinafika ku Area 25 mochedwa, ine ndikununkha palafini, koma mayi wa mkwatibwi anatsika m'galimoto yanga anthu onse akuona, a Phiri ali chiimire pafupi ndi yawo yopanda phokoso ija. Chimwemwe changa chinangokhala mphindi zochepa, chifukwa pofika nthawi yodya nkhani inali itafika kale kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mayi wina amene sindimudziwa n'komwe anandifunsa ngati galimoto yanga imakonda chambo kapena usipa. Lolemba lake ndinapita nayo kwa Che Amadu kuti akachotse tepi uja n'kuona zonse bwinobwino. Anangoti, "Anzanu aja apereka galimoto kwa inu?"

Mukaganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu, mwina mukulondola pang'ono. Sabata yatha chitseko cha kuchipinda chinayamba kulira, ndipo ndinangozindikira ndili kukhitchini, dzanja lili pawindo. Kabotolo ka mafuta a nsomba panalibe. Panali kabotolo kena kakang'ono ka mafuta a makina osokera, komwe apongozi anatumiza kalekale kuti kazikhala pamalo omwewo. Masiku ano amandilankhula okha, osadzeranso mwa Agnesi, ndipo ndikaima pageti pawo amayamba amvetsera kaye injini, kenaka amandipatsa moni womwewomwewo nthawi zonse: "Mwaswera bwanji bambo? Nanga mnzanuyu mwamudyetsa ndiwo yanji lero?"